Funsani Amalume: tatola tiana ta bakha kudambo, titani nato?

Mvula ya Febuluwale yafika pachimake, madambo adzaza, foni yanga nayo yadzaza ndi mauthenga a pa WhatsApp a nkhani za mbalame za m'madzi. Ena mwatumiza zithunzi zachimbuuzi kuti Amalume ichi nchiyani, ena mavoisi a mphindi 6, abale muzingolemba chabe makutu anga akalamba. Ndayamba ndi mayi a ku Santhe, iwowa ndinawayankha tsiku lomwelo pa foni poti nkhani yake sinali yodikira magazini, pano ndikubwereza kuti enanu mumve nawo.

Amalume muli bwanji, ine ndine mayi wa ku Santhe kuno ku Kasungu. Mwana wanga wa sitandade 5 Loweruka anapita kodyetsa mbuzi kudambo la kufupi ndi Bua nde anabwera ndi tiana ta bakha 7 mu chipewa akuti anatipeza tokhatokha mu udzu tikulira make kulibe. Ine chifundo chinandigwira ndinatiika mu beseni la madzi poti ndi abakha, ndinatipatsa nyenyeswa za nsima ndi mkaka pang'ono koma kutacha titatu tinali titafa, tinayi totsalati tikungounjikana pakona. Mwanayo kulira kwake nde musanene. Ndalakwitsa pati ndipo totsalati nditani nato?

Mayi pepani, ndipo mwanayo musamukalipire, anzake akanangotiotcha pompo kudamboko. Koma chilungamo ndikuuzani, chapha tianato si njala ayi, ndi beseni lija.

Bakha wamkulu sanyowa chifukwa pamwamba pa mchira ali ndi kachotupa kotulutsa mafuta, mukamamuona akudzikanda ndi mlomo kumbuyoko kenako nkumasisita thupi lonse amakhala akudzola mafutawo ndi kukonza nthenga zake. Kamwana kongoswa kumene kalibe nthenga zenizeni, kali ndi kaubweya chabe. Kakakhala ndi make kamasambira inde, koma pang'ono, kenako make amatulutsa tonse kumtunda nkutifungatira m'mapiko mpaka tiume ndi kufunda. Mu beseni mulibe wotitulutsa, m'mbali moterera, ubweya uja umamwa madzi ngati thonje nde kamwana kamazizidwa mpaka kufa olo kasamire. Ine ndinaphapo tisanu chimodzimodzi ndili mnyamata, mu ndowa ya amayi anga, mpaka lero ndikaona ndowa yachitsulo ndimakumbuka.

Nde choyamba ndi kufunda, chakudya pambuyo. Pezani katoni, pansi yalani udzu wouma kapena nsanza zouma, osati pulasitiki kapena nyuzipepala poti pamenepo timaterereka miyendo nkutagadzuka osawongokanso. Thirani madzi otentha mu botolo, likulungeni mu chitenje, liikeni mbali imodzi ya katoni kuti kofuna kufunda kaziyandikira kotenthedwa kazithawira mbali inayo. Usiku mudzuke musinthe madziwo, palibe kuchitira mwina, mwatenga uzamba. Ngati muli ndi magetsi babu yakale ija yotentha imathandiza, ma LED a masiku anowa amangowala satenthetsa kanthu. Sabata yoyamba timafuna kutentha kwa madigiri 32, kenako muzichepetsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse, koma ndani ali ndi choyezera kumudzi? Tiyang'aneni basi. Tikaunjikana nkumalira mosalekeza ngati mmene mwanenera ndiye kuti tikuzizidwa, tikabalalika nkumayasamula kukamwa ndiye kuti mwaonjeza moto, tikagona phee apa ndi apo zili bwino. Za mbaula chonde samalani, makala m'chipinda chotseka amapha tianato ndi inu nomwe.

Madzi akumwa ikani mu kambale kosaya mutaponyamo timiyala, kuti mlomo uzilowa mpaka pamphuno koma thupi lisalowe. Bakha amadya akumwera, ndiye madzi azikhala pambali pa chakudya nthawi zonse apo ayi amatsamwa. Kamene kafooka musakatsegule kukamwa nkuthiramo madzi, amapita kumapapo, ingokaviikani kansonga ka mlomo m'madzi kadzamwa kokha kakafunda. Mkaka iwalani, mbalame siyamwa, umangotsegula m'mimba.

Chakudya chabwino ndi chija cha anapiye cha sitata chogula kwa ogulitsa zaulimi, muchinyowetse chikhale ngati phala lolimba. Ngati ndalama palibe wiritsani dzira muliphwanye, sakanizani ndi madeya osefa onyowetsa, onjezani bonya kapena usipa wosinja wopanda mchere, chiswe, nyongolotsi za pansi, ndi masamba a bonongwe kapena chisoso odula tating'ono kwambiri. Madeya okhaokha sakwana. Tiana ta bakha timafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa anapiye a nkhuku, ndipo chimanga ndi chosauka pa vitamini ameneyu, akasowa miyendo imapindika kamwana nkumayenda chokhala pansi. Mtedza uli naye wambiri ndipo kwanuko mtedza si wosowa, koma apa mpamene ndikufuna mumvetsere: anthu timakonda kusankha mtedza wabwino wa ife eni, wofota ndi wachuku uja nkuponyera ziweto. Tiana ta bakha tili m'gulu la ziweto zosachedwa kufa ndi poizoni wa chuku, pang'ono pokha chiwindi chaonongeka. Mtedza kapena madeya amene inuyo simungadye musatipatse. Chakudya chonyowa chikatsala tayani, mawa chimakhala chitasasa.

Tsopano funso limene simunafunse. Kodi tinalidi tamasiye? Ine ndikukaika.

Pali ziwiri. Mwina ndi ta bakha wapakhomo wa munthu wina wa m'mudzi momwemo, abakha athu a nkhope yofiira aja amakonda kuthawa nkukaikira mobisa kutchire mwini wake nkumaganiza kuti anabedwa, nde funsani makomo oyandikana ndi dambolo. Apo ayi ndi ta abakha akutchire, ndipo nyengo ino ya dzinja ndi imene amaswa. Ofala kwambiri m'madambo mwathu ndi aja a nkhope yoyera, khosi lalitali, ouluka m'magulu madzulo akuimba kamluzu katatu. Amenewa chisa amamanga pansi mu udzu wautali pafupi ndi madzi, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amalera limodzi. Akamva mbuzi, galu kapena munthu akubwera, makolo amachoka dala, ana nkubisala mu udzu, zoopsa zikadutsa amabwerera nkuitana ana. Mwana wanu anaona kuti make kulibe, chonsecho make mwina anali chapompo akumuyang'ana.

Nchifukwa chake ndimati mukapeza tiana totere tili tonse pamodzi, touma, tothamanga bwinobwino, tisiyeni, chotsani mbuzi ndi agalu, mukakhale patali mobisala kwa maola awiri muone. Ngati mwatenga kale ndipo sipanathe tsiku, bwererani nato pamalo omwewo m'mawa kapena chakumadzulo, kulira kwake kumaitana makolo. Zoti ukagwira kamwana ka mbalame make amakakana chifukwa cha fungo la munthu ndi zabodza, tinangouzidwa ndi agogo kuti tisamasewere ndi zisa, ndipo bodza lake linali lothandiza ndithu. Totenga ndi tokhato timene mwaona ndi maso kuti make wafa, kapena kovulala, konyowa kofooka, kapena kamodzi kotsala kokha mpaka dzuwa kulowa.

Zanuzi masiku apitapo ndiye kubweza kwavuta. Tilereni mmene ndanenera, koma musatisakanize ndi nkhuku zanu poti mbalame za m'madzi zimatha kunyamula matenda ngati chitopa ndi chimfine cha mbalame izo zikuoneka zabwinobwino, ndipo mwana azisamba m'manja ndi sopo akatigwira. Asamatinyamulenyamule ngati zidole, kabakha kamazolowera chimene kakuona masiku oyambirira nkumayesa ndi make, kozolowera anthu kakabwerera kutchire kamapita kokha kwa mnyamata wa legeni. Tikaoneka kuti ndi takutchire dziwitsani a nthambi ya Parks and Wildlife, ku Kasungu National Park ali konko, kapena a Lilongwe Wildlife Centre amene ntchito yawo ndi kusamala nyama zovulala ndi zamasiye. Lamulo la nyama zakutchire, limene analikhwimitsa mu 2017, sililola kuti munthu angosunga nyama yakutchire yotetezedwa popanda chilolezo, nde bola kufunsa kusiyana nkudzayankha. Abakha amenewa amayamba kuuluka pakatha pafupifupi miyezi iwiri.

Amalume, bakha wanga wagwidwa ndi galu atafungatira mazira 12 kwa sabata ziwiri. Ndili ndi thadzi lomwe langoyamba kufungatira, ndingaikepo mazirawo? Mnyamata wa ku Kapiri, Mchinji.

Ikanipo achimwene, ngati sanagone panja kuzizira nthawi yaitali. Mwachita mwayi ndi masamu ake, mazira a abakha athu apakhomowa amaswa pa masiku 35, a nkhuku pa 21, nde poti bakha wachita kale 14 thadzilo latsala ndi 21 yake yeniyeni. Zikanakhala kuti mukuyamba pachiyambi mathadzi ena amatopa nkuthawa panjira. Abakha achizungu aja oyera a Pekin ndi masiku 28.

Koma 12 achuluka, dzira la bakha ndi lalikulu, thadzi lachikuda lingakwanitse 6 mwina 8. Usiku aunikeni ndi tochi ya foni mu mdima, muli mwana mumaoneka mitsempha yofiira ndi kanthu kakuda, loyera mbuu litayeni. Muike usiku womwewo thadzi lili mtulo, mutachotsa ake. Bakha amabwera kuchisa nthenga zili zonyowa pamene nkhuku imabwera youma, nde sabata yomaliza muziwaza timadzi tofunda pang'ono pamazirapo kuti chikamba chamkati chisaume. Tikaswa mudzaseka, thadzi likuzungulira chithaphwi likulira ana ali m'madzi. Koma sabata zoyambirira musalole zimenezo, werengani zimene ndawauza mayi a ku Santhe. Ndipo mphamba ndi akhwangwala sadziwa kuti ndi tamasiye, vindikirani ndi chitete.

Ndine mphunzitsi pa pulayimale ina ku Chulu, ndapatsidwa kalabu ya zachilengedwe. Ndikufuna ndizitenga ana kukaona mbalame kudambo koma tilibe mabainokyula ndipo anzanga mu stafu akuti zimenezo ndi za azungu. Ndiyambire pati Amalume?

Aphunzitsi, anzanuwo muwafunse kuti amene anatcha mbalame ija dzina loti chiswankhono anali mzungu? Munthu ameneyo anakhala pansi kudambo nkuona kuti mbalame yakuda ija ya mlomo wosatsekeka pakati imadya nkhono basi. Kuona mbalame nkumeneko. Makolo athu amadziwa kuti mvula yayandikira poona mbalame, ife tangosintha nkumadikira wailesi.

Mabainokyula ndi abwino koma kudambo si m'nkhalango, mbalame zake zambiri ndi zazikulu ndipo zimaima poyera. Chofunika ndi kope, pensulo ndi kutseka pakamwa, chachitatuchi ndiye chovuta ndi ana a sitandade 6. Musatenge kalasi yonse, 10 akwana, ena sabata yamawa. Fikani dzuwa lisanatuluke kapena cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa likhale kumsana kwanu kuti mitundu ya nthenga izioneka, khalani pa chulu kapena pansi pa mtengo osasuntha. Mphindi 15 zoyamba mudzaona ngati dambo lilibe kanthu, kenako zimayamba kutuluka zokha. Kuona maso a nkhono nkudekha, paja anatero akulu.

Mwana aliyense alembe tsiku, malo, kukula kwa mbalame poyerekeza ndi zimene akudziwa, kaya ngati mpheta, ngati njiwa, ngati nkhuku kapena ngati tsekwe, kenako mlomo, miyendo, ndi chimene imachita. Dzina lizibwera pomaliza. Ndipo homuweki yake ikhale yokafunsa agogo kunyumba dzina la mbalameyo ndi zimene amanena za iyo, mudzadabwa kuti mudzi uwu ndi uwo maina akusiyana, lembani onse. Pakatha chaka kope limenelo lidzakhala chuma chimene sukulu ina iliyonse ilibe. Wa foni yabwino angathe kujambula nkufufuza dzina la mbalameyo pa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Merlin Bird ID kapena kulemba zimene mwaona pa inzake yotchedwa eBird, zonse ndi zaulere kupatula bandulo.

Zoti muyembekeze kuona: akakowa oyera aja otsata ng'ombe, iwo amadya ziwala zimene ng'ombe zikudzidzimutsa poyenda. Tsekwe wamkulu wakuda ndi woyera kumimba, amene ali ndi chisonga paphiko, ameneyo ndi wamkulu kuposa abakha ndi atsekwe onse a mu Africa. Pali bakha wina wamwamuna wake ali ndi chotupa chakuda pamwamba pa mlomo ngati wanyamula kamkate. Pamene pali maluwa a kakombo yang'anani kambalame kofiirira ka zala zazitali kwambiri koyenda pamasamba ngati kakuyenda pamadzi, kameneka ndimakakonda chifukwa wofungatira mazira ndi kulera ana ndi wamwamuna, ndipo zoopsa zikabwera amanyamula ana m'mapiko timiyendo tokha tikulendewera. Muwaonetse anyamata a m'kalasi mwanumo, mwina mtsogolo muno kubereka mwana kumbuyo sikudzawachititsa manyazi.

Zina ndi alendo. Anamzeze ambiri amene mukuwaona pa mawaya pano achokera ku Ulaya, amafika cha mu Okutobala ndi Novembala nkubwerera pofika Epulo. Zilipo zina zakuda za mimba yoyera, miyendo yaitali, zimatera m'minda m'magulu nthawi ya mvula nkumatola ziwala ndi ntchemberezandonda, zimenezo zimaswera kumpoto uko, chigawo chochokera ku Senegal mpaka ku Ethiopia, kuno zimangobwera kudzadya. Mukawauza ana zimenezi muli ndi mapu m'manja ndiye kuti mwaphunzitsa kale ndi jogalafe yomwe. Dziko lathu laling'onoli lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650.

Inu a ku Chulu paki muli nayo pakhomo. Kasungu National Park inakhazikitsidwa mu 1970, ndi yachiwiri kukula pambuyo pa Nyika, ndipo pa damu la Lifupa mutha kuona nkhwazi, atsekwe ndi mvuu mutangokhala pamodzi. Kambiranani ndi a ofesi ya paki za ulendo wa sukulu, a bungwe loona za nyama ndi zachilengedwe la WESM nawonso akhala akuthandiza makalabu otere kwa zaka zambiri. Koma musalowe panokha podula waya ati tikukaona mbalame, muja muli njovu, mu 2022 anabweretsamo zina 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo inu a m'mbali mwa paki simufuna kuti ine ndikuuzeni za njovu. Mukamapita musavale zakuda kapena zabuluu, kashembe amakopeka ndi mitundu imeneyo. Kudambo la kumudzi ana asaponde m'madzi oima, nkhono zina za m'menemo ndi zimene zimafalitsa likodzo, ndipo pa Bua ndi pa Dwangwa funsani kaye eni dera za ng'ona.

Tsiku loyambira labwino likanakhala 2 Febuluwale, lokumbukira madambo padziko lonse, poti pangano lake linasainidwa tsiku limenelo mu 1971 ku Ramsar m'dziko la Iran. Laphonyeka chaka chino, yambani Loweruka likubwerali basi.

Nantchengwa wamanga chisa mu mtengo wa pafupi ndi dimba langa, apongozi akuti ndi malodza tigwetse. Zoona? Bambo wa ku Mkanda.

Bambo, ndi apongozi sitilimbana nawo, koma chisacho chisiyeni. Nantchengwa wabwera chifukwa dimba lanu lili ndi achule ndi mbululu, chakudya chake nchimenecho, sadya tomato kapena mpiru wanu. Chisa chake nchachikulu zedi, cha denga ndi kakhomo pansi, cholimba moti munthu wamkulu atha kuimapo, ndipo akachisiya mumalowa akadzidzi, njuchi, ng'azi ngakhale njoka. Ine ndimaganiza kuti mbiri yake yoipa inachokera pamenepo, munthu anapisa dzanja nkukumana ndi mwini nyumba watsopano. Nde apongoziwo auzeni mwaulemu kuti wogwetsayo ndi amene ali pa ngozi, mudzaona akusintha okha maganizo.

Amalume inu mukudya bwino mtauni. Kuno mbalame ndi ndiwo, mwezi uno ndi wa njala, mukufuna tidye chiyani? Wa ku Chamama.

Mwandilasa achimwene, ndipo sindikukutsutsani, ndinakulira pa legeni ndi ulimbo ngati inu nomwe, Febuluwale ndimamudziwa. Sindingauze munthu amene ana ake agona ndi mkute wa maungu kuti azisirira tsekwe ndi maso okha.

Chimene ndimakana ndi zitatu. Kuthira mankhwala a m'munda mu madeya kapena m'chithaphwi kuti mbalame zigwe zambiri nthawi imodzi, amenewo ndi madzi omwe ng'ombe zanu zikumwa, ndipo nyamayo ikulowa m'mimba mwa ana anu omwewo, kuchotsa matumbo sikuchotsa poizoni yense. Kupha bakha amene ali pamazira kapena akutsogolera ana, mwadya mmodzi koma mwataya 10 amene akanakhala aakulu pofika Meyi. Ndi kulima dimba mpaka m'madzi mwenimweni nkutentha udzu wonse chilimwe, osasiyako ndi kachigawo komwe.

Ku Chilwa, nyanja imene inalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse mu 1996, anthu amadya ndi kugulitsa mbalame zambiri kuposa ife kuno, makamaka nyanja ikaphwa nsomba zikasowa. Alenje akumeneko anapanga makalabu awo nkupatula malo ena oswera kuti pamenepo pasaphedwe mbalame, alenje okhaokha, osati azungu. Dambo la kwanu lili ndi mwini wake, ndi amfumu. Mukapita ku bwalo sabata ino kafunseni ngati kachigawo ka bango kaja kumene abakha amaswera kangasiyidwe osalimidwa, osatenthedwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kenako mudzandilembere zimene akuyankheni.

Mayi a ku Santhe anditumizira uthenga ndikumaliza kulemba izi, akuti kamodzi kanafanso usiku wotsatira koma titatu tikudya chiswe ngati tapenga, ndipo botolo la usiku akusintha ndi mwana uja yekha osadzutsidwa.